Fulashi ya Apongozi

Mawu akuti fulashi ndinayamba kuwamva ndili mwana, kwa bambo wina wojambula zithunzi amene ankabwera m'makomboni a pa esiteti nthawi ya Khirisimasi, atakwera njinga yopanda mabuleki. Akatiimika pamzere kutsogolo kwa nyumba ankakuwa kuti, "Osaphethira, ikubwera fulashi!" Ndiye tonse tinkaphethira. Zithunzi za banja lathu za zaka zimenezo, tonse tikuoneka ngati tili pa pemphero. Nditafika ku sekondale, aphunzitsi a Chingelezi anatiuza kuti eni ake mawuwa amanena kuwala kobwera mwadzidzidzi n'kuzima pompo, monga ching'aning'ani chimachitira pamwamba pa phiri la Mulanje mvula ikamabwera. Ndinalemba m'kope, mayeso ndinakhoza, kenako ndinaiwala. Ana a masiku ano akati fulashi amanena kachitsulo kodzaza nyimbo kamene amabaya pa wailesi. Zimenezo n'zawo. Fulashi imene inandisowetsa mtendere ine inali ya pa foni.

Amene munabadwa dzulo, khalani pansi ndikuuzeni. Mafoni a m'manja atangofika kwathu kuno, zipani zitachuluka kale ndipo aliyense ali ndi zonena, mayunitsi anali odula moti kuyimba foni kunali kwa mabwana. Ife anthu wamba tinkafulasha. Kufulasha ndiko kuyimba, foni ya mnzako n'kulira kamodzi, iwe n'kudula asanayankhe. Zinali ndi malamulo ake, ngakhale palibe anawalemba. Kamodzi, ndiye kuti ndakukumbukira, moni. Kawiri, ndiyimbire, pali nkhani. Katatu, siya chilichonse, zinthu zavuta. Wamng'ono ndiye ankafulasha wamkulu, wosauka ankafulasha wopeza bwino, ndipo mnyamata wofulasha chibwenzi chake m'malo moyimba ankasekedwa kuchokera ku Chonde mpaka ku Muloza. Koma lamulo lalikulu pa onse linali lakuti fulashi sayankha. Munthu wothamangira kuyankha fulashi ankatchedwa mfiti masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa wadyera mnzake mayunitsi amene anali kuwasunga ngati mbewu. Mawuwo tinawalanda Azungu n'kuwapatsa ntchito ya kwathu. Tinkafulashana, tinkafulashidwa, ndipo ena opanda foni ankayenda mtunda wautali kukabwereka ya mnzawo kuti akangofulashirapo m'bale wawo wa ku Limbe.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina ya tiyi. Othyola tiyi ankabwera ndi madengu awo pamsana, ine n'kuyeza, n'kulemba, thirakitala n'kudzatenga masambawo kupita nawo ku fakitale. Foni ndinali nayo, yogula kwa munthu ku Chonde, yonenepa ngati sopo wochapira. Ndinkaimangirira palamba, malaya n'kupisira bwinobwino kuti anthu aione. Musandiseke, nanunso mukanatero.

Mkazi wanga kwawo ndi kumudzi wina kufupi ndi Milonde. Chifukwa cha ntchito tinkakhala m'nyumba ya kampani, koma ine ndinali mkamwini ndithu, ndipo Lamlungu lililonse tinkakwera njinga kupita kumudziko, kumene ndinamanga kanyumba kathu pambali pa nyumba ya apongozi. Apongozi anga aakazi anali mayi wamasiye, wamfupi, wolima zinanazi ndi nandolo, woyenda mofulumira ngati wasiya kanthu pamoto. Apa ndi pamene panagona nkhani. Pa zaka zitatu za banja lathu, mayi amenewa anali asanalankhulepo nane ngakhale liwu limodzi, ndipo nkhope yawo ndinkangoidziwa cha m'mbali. Si kuti tinayambana ayi. Ndi mwambo wa kwathu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ine ndikangotulukira pakhomo, iwo ankazemba n'kulowa m'munda wa nandolo. Akafuna kuti ndiwadulire mtengo, ankauza mkazi wanga mokweza, ine ndili pomwepo ndikumva, mkazi wanga n'kutembenuka kundibwerezera zomwezo.

Vuto la mwambo umenewu ndi lakuti ulemu ndi chidani zimaoneka chimodzimodzi. Munthu wokuthawa chifukwa chokulemekeza ndi munthu wokuthawa chifukwa chonyansidwa nawe, onse amalowa mu nandolo yemweyo. Akamwini anzanga ankati iwo amadziwira ku ndiwo: ukaona nkhuku yaphedwa, ndiye kuti ukukondedwa. Ine Lamlungu lililonse ndinkalandira mbale ya nyemba zija za kalongonda. Tsono kalongonda nayenso sanena zoona. Kuti apse bwino amafuna nkhuni za tsiku lonse, ndiye mwina chinali chikondi. Koma akapanda kupsa bwino amazunguza mutu mpaka kugwetsa munthu, ndiye mwinanso inali njira yondichotsera mwakachetechete. Ndinkadya ndikuyamika mokweza, mtima uli m'mwamba.

Mantha anga sanali opanda pake. Zaka zitatu zinatha m'nyumba mwathu musanalire mwana, ndipo nkhani ngati imeneyi kumudzi chala chimaloza kwa mkamwini. Komanso ndinamva kwa amayi a pachitsime, amene sasunga kanthu m'mimba, kuti ine ndisanabwere panali bambo wina wagolosale wa ku Chonde, wokhala ndi galimoto yakeyake, amene anafunsirapo mkazi wangayo. Kwathu kuno mkamwini sachedwa kuchotsedwa. Umangopeza bulangete ndi njinga zakudikira panja, ankhoswe atakhala kale pamkeka. Mkazi wanga ndinkamukonda kwambiri, ndipo ndinkaopa kumutaya. Ndikamufunsa kuti, "Kodi amayi amati chiyani za ine?" iye ankangoseka n'kunena kuti, "Inunso, mukufuna azinena chiyani?" Yankho lotere silikhazika munthu mtima pansi.

Kenako alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga amene ankagwira ntchito ku Joni, anatumizira mayi awo foni. Mudzi wonse unabwera kudzaiona. Mkazi wanga anatsala kumudziko masiku awiri kuwaphunzitsa, ndipo atabwerera anandiuza kuti wawaikiramo manambala awiri okha, ya alamu ndi yathu, ndipo wawaonetsa batani lobiriwira ndi lofiira. Yathu imene ankanenayo inali yanga, ya palamba ija, chifukwa m'nyumba mwathu munalibe foni ina. Nambala yawo ndinailemba mu foni mwanga ndi zilembo zikuluzikulu, APONGOZI, ndikuganiza kuti sidzalirapo.

Lolemba lotsatira, nthawi ya teni koloko pamene timapuma pang'ono pasikelo, foni inalira kamodzi n'kusiya. Nditayang'ana, abale inu, APONGOZI. Ndinadzuka pampando, chipewa n'kuvula, osadziwa kuti ndikuvulira ndani. Akapitawo, bambo wachikulire amene ankayang'anira othyola tiyi, anandiyang'ana n'kufunsa, "Akalaliki, kwagwanji? Mwaona njoka?"

Ndinawaonetsa foniyo. Anaiyang'ana ataitalikitsa, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Musaseke akulu," ndinatero. "Ndichite chiyani? Ndikayimba, ndiye kuti ndalankhula ndi apongozi. Ndikangokhala chete, ndiye kuti ndawanyoza. Ndiponso zinayamba liti kuti wamkulu azifulasha mwana?"

"Abwezereni fulashi yawoyo," anatero akapitawo. "Foni ikalira yokha palibe walankhula. Ngakhale makolo akale sangakuimbeni mlandu."

Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinagwira foniyo ndi manja awiri, monga timaperekera chinthu kwa akuluakulu, n'kuwerama pang'ono, n'kudina. Italira kamodzi ndinadula msangamsanga, thukuta lili kamukamu. Madzulo nditamuuza mkazi wanga, anangoti, "Amayi akuphunzira mabatani, asiyeni." Ine ndinamva kuti mayiwo ankafuna mwana wawo, ndipo ine ndangokhala pakati ngati mlongoti wa netiweki.

Mawa lake teni koloko, inaliranso kamodzi. Mkuja, chimodzimodzi. Sabata inatha, mwezi unatha. Tsiku lililonse la ntchito, nthawi yomweyo, APONGOZI, ine n'kubweza. Othyola tiyi anazolowera moti foni ikangolira mzere wonse unkakuwa, "Akalaliki, afika apongozi, vulani chipewa!" Panali mayi wina wanthabwala amene ankatula dengu n'kugwada pansi, kuwomba m'manja molunjika lamba wanga. Ndinkaseka nawo, koma m'mutu mwanga munali msonkhano. Bwanji akufulasha nthawi imene akudziwa kuti mwana wawo sali pafupi? Ndinaganiza kuti akufuna kuona ngati ndilidi kuntchito kapena ndili kumowa. Tsiku lina ndinaganiza kuti akundikumbutsa kuti masiku anga akuwerengeka. Munthu wamantha amamva mawu ambiri m'kulira kumodzi kwa foni, ndipo onse amakhala oipa. Lamlungu tikapita kumudzi zonse zinali monga kale: iwo mu nandolo, ine ndi mbale yanga, za foni osatchulidwa.

Ndiye linafika tsiku limene magetsi anazima ku ofesi kumene tinkatchajira mafoni, batire langa n'kutheratu. Tsiku limenelo foni inangokhala palamba ngati mwala. Ngati anafulasha, sindinaone ndipo sindinabweze. Mawa lake nditatchaja, teni koloko itakwana, inalira kamodzi, n'kusiya, n'kuliranso kachiwiri.

Kawiri! Mukukumbukira tanthauzo lake. Ndiyimbire, pali nkhani.  Ndinati basi, ankhoswe akhala kale pamkeka, wagolosale uja wapaka galimoto yake polishi. Akapitawo anati, "Yimbani, mwamuna safera pampando." Ine ayi. Ndinachita ngati sindidziwa kuwerenga, n'kubweza kamodzi kokha. Tsiku lonselo ndinkalakwitsa kulemba, ndipo kunyumba sindinanene kanthu.

Tsiku lachitatu kunali chiperoni, mvula yowaza ija yosadziwa kusiya, phiri lonse litabisala mu nkhungu. Thirakitala inachedwa, masamba anali ataunjikana pasikelo, ndipo abwana a ku fakitale anali atanena kuti andiyimbira kundiuza chochita. Ndinaima pansi pa kashedi, foni ili m'manja, chala chili pa batani lobiriwira, anthu ali pamzere akunjenjemera. Nthawi sindinaiyang'ane. Foni itangoti ilire, ndinadina pompo n'kuika kukhutu.

"Halo bwana, ndikumva bwana!"

Zii.

"Halo bwana?"

Ndinamva tambala akulira chapatali. Ku fakitale kulibe tambala. Ndinachotsa foni kukhutu n'kuyang'ana. Mayo ine! M'kamphindi kamodzi ndinapalamula milandu itatu: ndayankha fulashi, ndalankhula ndi apongozi, ndiponso ndawatchula kuti bwana. Ndinabwezera foniyo kukhutu pang'onopang'ono. Akapitawo ataona nkhope yanga anazindikira, n'kukweza dzanja kuti anthu akhale chete, ndipo mzere wonse unati duu.

Tsopano tamvani mmene zinthu zinamangikira. Ine sindikanadula, chifukwa kudulira foni munthu wamkulu n'chimodzimodzi kumutsekera chitseko kumaso. Iwo sakanalankhula, ine sindikanalankhulanso. Batani lofiira kaya analiiwala chifukwa chodzidzimuka, kaya sanafune, sindikudziwa. Tinangokhala choncho, ine ku esiteti, iwo ku Milonde, tikupumirana m'makutu. Ndinkamva mvula ikugwa pa malata a kwawo, ndinkamva wina akusinja chapafupi. Ndipo ndinkadziwa kuti kupuma kulikonse kukudya mayunitsi a mayi wamasiye, ine mfiti yake.

Kenako anakonza kukhosi. Mawu awo, amene ndinkangowamva akulankhula ndi anthu ena, anabwera m'khutu mwanga mwenimweni.

"Iwe nkhuku," anatero, "tachoka pamkeka apo."

Ndinaganiza kuti akuthamangitsadi nkhuku. Koma anapitiriza, mawu ali pang'onopang'ono, omveka bwino, osati olankhulira nkhuku ayi.

"Iwe nkhuku, kodi anthu a ku esiteti aja ali bwino? Dzana sanayankhe. Dzulo ndawagogodera kawiri, angobweza kamodzi. Ine kuno chakudya sichikulowa. Ngati akudwala anene."

Apa ndinafunika kuyankha, koma ndiyankhe kudzera mwa ndani? Nkhuku ndinalibe. Ndinayang'ana uku ndi uku, maso anga n'kugwera pa sikelo imene inali kulendewera patsogolo panga.

"Iwe sikelo," ndinatero, "ukawauze akuluakulu kuti kuno tili bwino ndithu, palibe akudwala. Ndi batire limene linatha. Ukapepesenso kwambiri."

Mzere wa othyola tiyi unagwa nako kuseka. Mayi wanthabwala uja anakhala pansi m'matope, dengu lili kumsana. Akapitawo analuma chipewa chawo kuti phokoso lisamveke pa foni. Koma linamveka, chifukwa kumbali inayo ndinamva kaphokoso kena kachilendo, ngati munthu akuletsa chifuwa. Apongozi anga ankaseka.

"Iwe nkhuku," anatero atapezanso mpweya, "batire amatchaja. Munthu wa sukulu, wolemba m'mabuku a Azungu, osadziwa zimenezo? Ndiye ukawauzenso kuti Lamlungu lino akabwera..."

Foni inaduka. Mayunitsi awo anathera pomwepo.

Lamlungu lino akabwera, chiyani? Anthu ankasekabe, akundimenya paphewa, ena akulonjera sikelo kuti "Mwaswera bwanji ankhoswe," koma ine chimwemwe chinali chitauluka. N'zoona anafunsa za moyo wanga, koma ngakhale mbuzi imene akukaigulitsa ku msika amayamba aiona ngati ili bwino. Ndinayesa kuganiza zabwino, mutu unakana. Thirakitala inabwera, masamba anapita, ine ndinaweruka ndikukankha njinga m'malo moikwera.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, mvula itakata. Mkazi wanga anali pakhonde akusadzula masamba a chinangwa. Ndinakhala pambali pake n'kumufotokozera zonse, za batire, za kawiri kaja, za bwana, za nkhuku ndi sikelo. Anaseka mpaka misozi, lichero n'kugwa. Ine osaseka.

"Inu mukuseka," ndinatero, "koma ine ndikudziwa. Lamlungu akukandichotsa. Ndiuzeni zoona, ndikonzeke. Ngati ndi nkhani ya mwana, ngati ndi wagolosale uja, nenani."

Anasiya kuseka n'kundiyang'ana.

"Lamlungu akufuna mukawafolerere khitchini, ikudontha," anatero. "Anandiuza kale sabata yatha, ine ndinaiwala kukuuzani. Wagolosale wake uti? Uja amayi anamuthamangitsa okha ndi mtengo wa nandolo inu musanabwere n'komwe. Koma abambo inu, miyezi yonseyi mumaganiza kuti amayi amafulasha ndani?"

"Amafuna inu. Ine ndimangosunga foni."

"Ine? Amayi akandifuna ine amatuma mawu kwa anthu obwera ku msika, monga kale. Ine sanandifulashepo ngakhale kamodzi. Tsiku limene ndinkawaphunzitsa foni ija, za achimwene a ku Joni sanafunse n'komwe. Funso lawo loyamba linali lakuti, mwamuna wako amapuma nthawi yanji kuntchito? Nditawauza kuti teni koloko, anati iwo wotchi sadziwa, ndiye ndinawauza kuti azimvera belu la buleki la pasukulu ya pulayimale ija. Belu likangolira amasiya khasu, n'kukwera pachulu paja pamene pamagwira netiweki. Ngakhale mvula ikugwa amapita, kapena amaimirira pampando pakhonde foni ataikweza m'mwamba."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji osandiuza nthawi yonseyi.

"Anandiletsa. Anati zikamveka kuti akupereka moni kwa mkamwini, anzawo awaseka." Anatola lichero lija n'kuyamba kubwezeramo masamba. "Anandiuza kuti, zaka zitatu mwana wa eni ake akubwera pakhomo panga, akundidulira mitengo, akudya zimene ndaphika, anthu akumunena za mwana iye osayankha, ine sindinamufunsepo kuti wadzuka bwanji. Kachinthu aka kakandifunsire."

Ndinadzuka n'kunena kuti ndikukaona tayala la njinga, likuoneka ngati laphwa. Silinaphwe. Kungoti mwamuna wamkulu, kalaliki wa pasikelo, kulira pamaso pa mkazi wake chifukwa cha foni yolira kamodzi, ayi ndithu, sizikanatheka. Ndinapita kuseri kwa nyumba, ndinagwira chishalo cha njinga ndi manja awiri, ndipo ndinalira.